Mawaya Akhale, Tamanda

Tamanda mwana wanga,

Ndikulemba ndili pamsasa wa kumunda kuno ku Bwanje, pepala pabondo, diso lina pa mpheta. Ukaona zilembo zadumpha mzere dziwa kuti pamenepo ndinanyamuka kukakuwa. Kalatayi ndikupatsa madzulo ano tikatha kudya, ukawerenge wekha kuchipinda. Ndikanangonena pakamwa, koma ndimakudziwa. Nkhani ya mano ikangoyamba umaika dzanja pamlomo n'kukumbukira kuti mbale sizinatsukidwe.

Choyamba, ndine wokondwa, ndipo ndikunena poyera kuti usakayike. Chitulukire dzina lako kuti wasankhidwa kukoleji yauphunzitsi, anthu a pa Golomoti atopa nane. Wogulitsa matemba wamva, akabaza amva, mayi wa mandasi uja wamva mpaka akandiona patali amayamba yekha kuti, "Inde bambo, tamva, akupita ku Lilongwe." Amayi ako akuti ndikuchititsa manyazi. Manyazi ake ati? Pamtundu pathu ponse palibe anafikako kukoleji kumene ukupitako, ndiye andisiye ndilalate.

Koma dzulo amayi ako omwewo andinong'oneza zimene unanena mukupinda zovala. Akuti poti tsopano wakula ndipo kwa adokotala a mano uzipita wekha, ukangofika ukawauza achotse mawaya m'kamwamo, akuike mano ovula ndi kuvala aja msangamsanga, anzako atsopano asaone mipata. Usawakwiyire. Anayesa kusunga, koma chinsinsi m'nyumba mwathu chimakhala ngati mchere nthawi yamvula. Ndiye khala pansi, undimve. Mawaya akhale, Tamanda.

Nkhani yake ukuidziwa, koma sunaimvepo kuchokera kumbali yanga. Mano awiri am'mwamba, oyandikana ndi akutsogolo akuluakulu aja, lina uku lina uku, sanakumerere. Ine sanandimererenso. Agogo ako, amayi anga, anandiuza ndili mwana kuti mlandu unali wanga. Mano anga aubwana anatsalira mu nzimbe ndipo sindinawaponye padenga, ndiye khwangwala sanadziwe kuti pali mwana wofuna mano atsopano. Ndinakula ndikukhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Utabadwa iwe ndinalumbira kuti mwana wanga zimenezi ayi, dzino lililonse ndidzaponya ndekha, ndi dzanja langali.

Ena onse anayenda bwino. Linkaguluka, timaponya padenga la udzu, timamuuza khwangwala atenge lakale abweretse latsopano, latsopano n'kumera. Koma awiri ajawa anakakamira, anzako onse atasintha kale iwe ukadali nawo. Pamene loyamba linkaguluka n'kuti titangofolera malata chaka chomwecho. Ndinaima pabwalo monyadira denga langa latsopano, ndinaponya. Tinangomva kuti ngwe, kenako kwerr, dzino likutsetsereka mumsewu wa lata, ndi ilo pansi. Ndisanawerame n'komwe, thadzi la amayi ako lija loikira mazira tsiku ndi tsiku linathamanga n'kumeza. Mayo ine! Ndinalithamangitsa kuzungulira nkhokwe, amayi ako akukuwa kuti ndapenga. Tsiku limenelo tinadya nkhuku popanda mlendo, ine ndili kalikiliki kusanthula nthutumba. Ndinapezamo timiyala tokhatokha ndi kamkanda kamodzi. Amayi ako sanandiyankhule mpaka tsiku la tchalitchi. Lachiwiri litaguluka ndinachenjera, ndinakaliika ndi dzanja padenga la udzu la khitchini, nditakwera pa mtondo. Tinadikira, mvula inabwera n'kupita, ndipo palibe chinamera, uku kapena uku.

Zaka zonse zija ndinkadziimba mlandu wa malata, iwe osadziwa. Ndinkaona mano ako akutsogolo akutalikirana, osongoka aja akusendera kudzakhala pamalo a eni ake, iwe n'kuyamba kuseka utaphimba pakamwa. Zinkandipweteka, mwana wanga. Kenako azakhali ako a ku Lilongwe anabwera kudzacheza, anakuyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu akamuone adokotala a mano, akhwangwala anuwo apume." Tinakwera phiri la Khwekhwerere, iwe uli Fomu 2, ukusanza njira yonse. Adokotala aja, mayi wamfupi wa magalasi, anajambula nsagwada zako n'kutionetsa chithunzi. Analoza ndi cholembera nati, "Apa ndi apa mulibe mbewu ya dzino m'fupamu. Sinakhalepo chibadwire." Ine ndinayamba kufotokoza za thadzi lija. Anandimvetsera mpaka kumapeto osaseka, Mulungu awadalitse, kenako anati, "Bambo, tatsegulani pakamwa panu." Nditatsegula anangogwedeza mutu. "Zimayenda m'magazi izi. Nkhukuyo inafa ulere." Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misozi inayo sinali ya kuseka. Ndiye ukakhala ndi chinthu chokuvuta kumeneko, kaya m'thupi kaya m'kalasi, kafunse kwa amene amachidziwa usanaphe nkhuku ya munthu.

Tsopano imva za mano anga achangu, zimene amayi ako amakonda kukamba alendo akabwera koma amasiya pakati. Ndili mnyamata, nditatsala pang'ono kukaonekera kwa atsibweni a amayi ako ku Mtakataka, manyazi anandigwira ngati mmene akugwirira iwe leromu. Ndinati anthu amenewa akaona mipata iyi aziti mphwawo akukwatiwa ndi nkhalamba. Mnzanga wina anandilozera munthu wa m'tauni amene ankapanga mano kuseri kwa msika. Anandipangira awiri tsiku lomwelo, oyera mbee, kuposa anzawo onse, omangidwa ndi kawaya. Ndinkadziyang'ana pagalasi la njinga njira yonse. Titafika anatiyalira mphasa, anatulutsa thobwa m'chikho chimodzi. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinamwa mwaulemu, ndinapereka kwa atsibweniwo. Lilime litayenda m'kamwa ndinamva mphepo. Mkulu uja anamwa kamodzi, anaima, anapisa chala m'chikho, anatulutsa mano anga n'kuwayang'anitsitsa padzuwa. Kenako anandipatsa ndi manja awiri nati, "Akamwini, katundu wanu." Amayi ako anali akusuzumira kuseri kwa khitchini. Anaseka mpaka anakhala pansi, ndipo akuti tsiku limenelo ndi limene anatsimikiza kuti ndine. Manowo ndinawataya m'ngalande pobwerera, nkhama zitatupa kale. Chikomekome cha mkuyu, Tamanda. Amene ukufuna kuthamangirawo ndi abale ake a omwe aja, kungoti avala bwino.

Ndipo uone bwino nkhani imeneyi. Anthu amene ndinkawaopa aja sanandikane chifukwa cha mipata. Chimene chinakhala nthano m'mudzi monse ndi kubisako. Mpaka lero ndikapita kumaliro ku Mtakataka pamapezeka nkhalamba ina yondifunsa ngati ndingamwe thobwa.

Za nzimbe ndingokumbutsa mwachidule, poti unalipo. Tsiku limene anakuika mawaya, adokotala anandandalika zosayenera kuluma, ine ndikuvomera ndi mutu koma maganizo ali pa minibasi. Titatsika pa siteji ya Golomoti ndinati tisangalale, ndinagula nzimbe yonenepa bwino, iwenso osakana. Kuluma kamodzi, kachitsulo komata padzino kanathothoka. Tinakweranso phiri lomwe lija sabata isanathe, iwe ukusanzanso. Ndiye kumeneko chimanga chootcha ungochinunkhiza. Nyama ya pachiwaya uzidula tizidutswa, usamakoke ndi mano akutsogolo. Mswachi uziyenda nawo m'chikwama, ukadya utsuke, ngakhale anzako aziti ukudzimva. Timalabala tokoka mawaya tija uzisintha monga anakuuzira. Tsiku lokaonana ndi adokotala usalumphe chifukwa cha mayeso kapena mvula, tsopano phiri palibe, ndi minibasi imodzi basi.

Koma cholakwitsa changa chachikulu pa nkhani ya mawayayi ndi ichi, ndipo ndi chomwecho chimene ukufuna kuchita iwe. Ine ndinkaganiza kuti tapita kukatseka mipata. Munthu wopita kuchipatala ndi bala amayembekeza kuti lizichepa. Miyezi ikupita, ndikuona akutsogolo aja agundana bwinobwino, koma m'mbalimo mipata ikukula. Ukabwera holide ndimakuyang'ana ukudya, mtima n'kumawira. Mpunga wanga ukulowa m'kamwa mwa mwanayu osadutsa pakhosi, zotsatira zake mapanga awiri! Ulendo wotsatira ndinavala jekete la maliro lija, ndinakonza mawu njira yonse. Tisanakhale n'komwe ndinayamba kuti, "Adokotala, ife ndi akumudzi koma maso tili nawo. Tinabwera ndi timipata, mwatipatsa mazenera." Iwe unafuna kulowa pansi pa mpando.

Sanakwiye mayi uja. Anatulutsa chithunzi chakale ndi chatsopano n'kuziika pamodzi. Anati dzino lokhalitsa limene adzakuike silimatidwa pamwamba ayi. Amayamba alowetsa kamsomali kopota m'fupa la nsagwada, kakhale muzu, fupa likagwira ndiye amaikapo dzino. Kamsomali kameneko kamafuna malo ake. Anandionetsa pachithunzi chakale mizu ya mano oyandikana itapendekerana mpaka kutsala pang'ono kukhudzana, chifukwa pakati panalibe wowaletsa. "Pamwamba mukuona mpata, bambo, koma pansi njira ndi yotseka. Ndikalowetsa kamsomali pamenepa ndipweteka mano awiri abwinobwino." Pamenepo ndinamva, chifukwa ndi zomwe timaziona pookera mpunga. Phando likaphonyeka n'kulisiya nthawi yaitali, mizu ya oyandikana imakumana pansi, ukabwera ndi mbande yako mochedwa ulibe poizika ngakhale pamwamba pakuoneka madzi okhaokha. Ndinavula chipewa, ndinapepesa. Anati, "Mpata ukamakula muzisangalala." Ndinatuluka mmenemo jekete lili pamkono, ndikutuluka thukuta.

Anandiuzanso china tsiku lomwelo, chimene ndikufuna uchisunge. Mitu ya mano imasuntha msanga, mizu imatsatira pang'onopang'ono. Pagalasi ukhoza kuona ngati ntchito yatha pamene pansi isanathe. Ukachotsa mawaya lero, mizu ija ibwerera kukagwirana monga kale, ndipo tsiku limene udzafune dzino lenileni adzakuuza kuti malo palibe, uyambirenso. Kuwawa konse kwa masiku omanga waya, phala lonse limene unamwa anzako akudya chimanga, kusanza konse kwa pa Khwekhwerere, zonsezo zidzapita ndi madzi. Mawaya akhale, Tamanda.

Ndikudziwa kuti watopa ndi mawu akuti dikira. Dikira mizu iwongoke. Akachotsa mawaya, vala kogwirizira mano kaja usiku ndi usana kuti mipata isatsekeke. Dikiranso nsagwada isiye kukula, chifukwa anati kamsomali sikayenda ndi fupa lomakula, akakaika msanga anzake adzatsika iko n'kutsalira m'mwamba ngati dzino la mwana. Ndi kudikira kwambiri kwa mtsikana wa msinkhu wako, sindikukana. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso kumbukira zimene analonjeza ulendo wathawu, kuti mpata ukangokwana muyeso adzamangirira mano ongoyembekezera pa waya pomwepo, munthu wokuyang'ana osadziwa kanthu. Anati patsala pang'ono. Ndiye chimene chikukuopsa kwenikweni ndi teremu yoyambayi basi, masiku amene uziti dzina langa ndine Tamanda kwa anthu osakudziwa, mipata ili poyera.

Adzayang'ana, sindikunamiza. Wina adzafunsa ngati unagwa panjinga, wina adzakupatsa dzina. Mnyamata wina amene iwe udzamuone kuti ndi wooneka bwino adzayang'ana pakamwa pako m'malo mwa m'maso, ndipo usiku umenewo udzalira. Lira, palibe choletsa, kukacha ukatsuke mawaya ako. Wofunsa mwaulemu umuyankhe zoona, kuti sanamere chibadwire, ndikukonza malo oti adzaikepo ena. Wofunsa mwachipongwe umuuze nkhani ya thadzi, ndakupatsa chilolezo. Ndaona ine kuti munthu ukayamba wekha kuseka nkhani yako, wokuseka amasowa poyambira. Ndipo iwe ukukaphunzira uphunzitsi, mwana wanga. Mphunzitsi wophunzitsa dzanja lili pakamwa ana akumbuyo amva chiyani?

Pamsasa pano pandikumbutsa kanthu. Uli wamng'ono, manyazi asanakupeze, unkabwera kuno kudzainga mbalame ndi ine. Mano ako akutsogolo atangoguluka ndinakuphunzitsa kuliza likhweru langa lija lodutsa pampata, ndipo awiri ena aja atachoka n'kusamera unafika polidziwa kuposa mwini wakene. Ine ndikaliza kuno iwe umayankha kutsidya kwa ngalande, mpheta n'kudzuka munda wonse. Anthu a minda yoyandikana ankatibwereka. Amayi ako ankakalipa kuti mtsikana saliza likhweru, adzasowa banja, iwe n'kumaliza dala kuseri kwa bafa. Utapita kusekondale unasiya. Sunandiuze chifukwa, inenso sindinafunse, koma ndinaona dzanja likukwera pakamwa ndipo likhweru silinamvekenso. Lero ndikuliza ndekha, ndipo mbalamezi zandizolowera, zikungosuntha pang'ono n'kuteranso.

Usaganize kuti ndikufuna ukhale ndi mipata moyo wonse kuti tizifanana. Ayi ndithu. Ine yanga ndikalowa nayo m'manda, ndaizolowera, ndipo amayi ako akuti popanda iyo sangandizindikire. Koma yako ndinakupatsa ndine. Sindinakupatse ng'ombe, sindinakupatse galimoto, ndinakupatsa mipata iwiri, ndipo ndi cholowa chokhacho chimene ndikufuna chikuchoke. Koma chichoke bwino, ndi mano oti udzalume nawo nzimbe uli ndi zidzukulu, osati otsalira m'chikho cha eni ake. Tsiku limene adzamalize ndidzabwera ndi nzimbe ya pa Golomoti pomwe paja, adokotala akadzalola, ndidzakhala pansi n'kumakuonerera.

Wakula, ndipo pakamwa ndi pako. Ukakalowa m'chipinda chija wekha, palibe adzakugwire dzanja, ineyo ndidzakhala kuno ndi mpheta zanga. Ukadzafika poti mtima wakana ndithu, ndikupempha chimodzi. Usanawauze kanthu, uwapemphe akuonetse zithunzi ziwiri zija, chakale ndi chatsopano, uyang'ane mizu mmene yayendera. Ukatero undiimbire foni, ngakhale kungoflasha, ndidzakwera pachulu paja pamene pamagwira netiweki. Azakhali akonso ali pafupi, ndipo pakamwa pawo ukupadziwa, sadzakusiya ulakwitse mwakachetechete.

Zina zonse amayi ako akuuza kale, za tchalitchi, za anyamata, za kusabwereketsa mapoto. Ine ndingowonjezera kuti uzidya. Mpunga uli m'thumbamo ndi wa munda uno, wonunkhira uja, usagawe wonse sabata yoyamba pofuna kugula anzako.

Mawa tikuperekeza pa siteji. Amayi ako alira, zimenezo n'zodziwikiratu, atenga kale chitenje chachiwiri. Ine sindilira pagulu, ndili ndi mbiri yoti ndiisunge. Koma kondakitala akamenya chitseko, minibasi n'kuyamba kuyenda, ndiliza likhweru lathu lija, lonse, mpaka agalu a pa Golomoti adzuke. Anthu atembenuka, amayi ako andigunda ndi chigongono, ine osasiya. Iwe ukhale pawindo. Ndikudziwa kuti mawaya amasokoneza, mwina lituluka mphepo yokhayokha. Lituluke mmene lingatulukire. Likakanika ungoseka, mawaya, mipata, zonse poyera, kuti ndione. Manja onse awiri akhale pachikwama, Tamanda. Ndikaona zimenezo ndibwerera kumunda mtima uli m'malo, ndipo sindidzakufunsanso za mawaya.

Ndine bambo ako,
mwini wake wa mipata.